Za dzuwa lopanga anthu lomwe likutisowetsa tulo

Zikomo, kumbuyoko tikhaleko chete pang'ono. Sabata yonseyi anthu akhala akutumizirana kanema pa WhatsApp woti asayansi apanga dzuwa lachiwiri, ndipo tsiku lina lidzaphulika n'kutipsereza tonse. Ena mwa inu munanditumizira pakati pa usiku, chonsecho simunamuonere n'komwe mpaka kumapeto. Ndiye tcherani khutu: moto umenewu suvuta kuzima, umavuta kusunga.

Dzuwa limayaka chifukwa timaatomu ta haidrojeni timagundana n'kuphatikizana, n'kutulutsa mphamvu. Imeneyi ndiyo fusion. Pakati pa dzuwa pamatentha madigiri 15 miliyoni. Pansi pano palibe chothinikiza zinthu mwamphamvu ngati mmene zilili m'dzuwa, choncho pamafunika madigiri 150 miliyoni. Mpweya ukatentha chotero umasanduka plazima. Dzinali lisakuopseni, mphezi ikang'anima mumakhala mwaiona kale plazimayo.

Tsono chinthu chotentha chonchi mungachisunge m'chiyani, poti chitsulo chilichonse chingasungunuke? M'zaka za m'ma 1950 asayansi a ku Soviet Union anapanga makina otchedwa tokamak, ooneka ngati chubu cha tayala. Makina oterewa ndiwo anthu akuwatcha dzuwa lachiwiri. Maginito amphamvu amaigwira plazima kuti izingozungulira m'katimo ili lende, osakhudza khoma. Koma ndi yosamva! Imapindika, imanjenjemera, kungoiphethirira yapulumuka.

(Bambo wina: "Nanga maginitowo akasiya kugwira, si kuphulika kumeneko?")

Mwafunsa bwino, bambo. Mukuganiza za Chernobyl, ngozi ya mu 1986 ija pomwe malo opangira magetsi a nyukiliya anaphulika ku Ukraine. Kumene kuja ankaswa maatomu a uranium, ndipo m'ng'anjo munali matani ambirimbiri. Kuno n'zina. Mu 2023 makina a tokamak otchedwa JET ku Culham, ku England, anatulutsa mphamvu yokwana mamegajoule 69 m'masekondi asanu okha, pogwiritsa ntchito mamiligalamu 0.2 a haidrojeni, kochepa kuposa kambewu kamodzi ka mchenga waukulu. Plazima ikagunda khoma imazizira pompo, moto n'kuzima sekondi isanathe. Amene amalira ndi eni makina, chifukwa khoma limawauka ndipo kukonza kwake n'kodula. Sindikunena kuti palibiretu choopsa, ayi. Mtundu wina wa haidrojeni womwe amagwiritsa ntchito, tritium, umatulutsa cheza choopsa, ndipo makomawo nawonso amayamba kutulutsa cheza pakapita nthawi. Zimenezo zimafuna chisamaliro. Koma zophulika n'kuwotcha dziko, iyayi. Ndibwerezenso: suvuta kuzima, umavuta kusunga.

Ndikuona ena ayamba kusuzumira mafoni, ndiye ndithamange. Zipangizo zimayeza pomwe plazima ili, kompyuta n'kuwerengera komwe ikuthawira, kenako n'kusintha magetsi a m'maginito, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mu 2022 kunalengezedwa kuti ku Lausanne, ku Switzerland, kompyuta yophunzira yokha ya kampani ya DeepMind inayendetsa maginito 19 a tokamak yotchedwa TCV. Mu February 2025 makina a WEST ku France anasunga plazima mphindi 22, anthu n'kuomba m'manja. Mphindi 22 basi! Makina aakulu a ITER akumangidwabe ku France komweko, ndipo kuyesa ndi tritium akuti ndi mu 2039. Mpaka lero palibe nyumba yomwe ikuwala ndi magetsi a fusion.

Kanema uja musamutumizenso kwa wina. Mayi mwakweza dzanja apo, tsalani tikambirane ena akamatuluka.