Musanaitane a droni kudzapopera m'munda wa makadamiya

Moni nonse a m'gulu lathu la alimi a makadamiya kuno ku Thyolo. Uthengawu utalikako pang'ono, koma chonde muumve mpaka kumapeto, chifukwa ambiri mwakhala mukufunsa za anyamata opopera mankhwala ndi droni aja, tindege touluka popanda munthu m'kati.

Eee, droni ndi yabwino ndithu. Mitengo yathu yakula, sipuleya yapamsana siifika kunsonga, pomwe anunkhadala (tizilombo tonunkha totchedwa stink bug pa Chingerezi) amakonda kukhala komweko n'kumaboola mtedza udakali wanthete. Droni imabwera chapamwamba, mphepo ya mapiko ake n'kumakankhira mankhwala m'kati mwa masamba. Koma chipangizo chomwechi, chikakhala m'manja mwa munthu wosadziwa, chikhoza kukupherani njuchi, kuipitsa chitsime, ndalama n'kulowa m'madzi.

Tsono musanaitane munthu, yambani mwayendera munda. Lawirirani m'mamawa kukuzizira, anunkhadala asanayambe kuuluka, muyale nsalu pansi pa mtengo, mugwedeze nthambi, muone zomwe zagwa. Chitani choncho pa mitengo ingapo mbali zosiyana za munda. Zomwe mwapezazo akazione alangizi, ndiwo akuuzeni ngati nthawi yopopera yakwana. Osapopera chifukwa choti mnzanu wapopera, ayi.

Munthu uja akabwera, muuzeni akuonetseni mapepala awiri. Loyamba ndi chiphaso choulutsira droni chochokera kwa a Civil Aviation, oyang'anira za ndege. Lachiwiri ndi chilolezo chochokera ku Pesticides Control Board, oyang'anira za mankhwala ophera tizilombo, omwe ali ku Bvumbwe konkuno, chomulola kupopera mankhwala m'minda ya anthu ngati bizinesi. Muone ndi maso anu dzina lake ndi tsiku lomwe chiphasocho chikutha. Ngati mukukayika, imbani kapena pitani ku Bvumbweko mukafunse, si patali. Achinyamata athu ambiri aphunzira za droni kuchokera pomwe African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu 2020, ndipo n'zonyaditsa. Komabe kuulutsa ndi luso lina, kusakaniza mankhwala ndi lina. Tikufuna munthu wodziwa zonse ziwiri.

Pa mankhwala ndiye nditsindike kwambiri. Botolo libwere losatsegula, lokhala ndi chizindikiro chake, ndipo alitsegule inu mukuona. Mankhwala a m'botolo la zakumwa, oti "awa ndi amphamvu, bwana", akaneni. Werengani pa chizindikiropo masiku oyenera kudikira musanayambe kutola mtedza, chifukwa ogula kunja amayeza, ndipo akapeza mankhwala m'mtedza amabweza katundu wa gulu lonse, osati wanu wokha. Mufunsenso kuti akuthira malita angati pa hekitala. Ma droni ambiri amanyamula malita 30 kapena 40 basi, choncho madzi amakhala ochepa, mankhwala n'kukhala okhathamira kuposa a sipuleya. Wosakanizayo avale magolovesi, chophimba kumphuno ndi ovolosi, ndipo ana asayandikire pamalopo.

Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, dziwitsani amfumu ndi oyandikana nawo munda. Amene ali ndi ming'oma ya njuchi auzidwe msanga kuti aitseke kapena aisunthe. Ndipo mitengo ikakhala pa maluwa, chonde, chonde, musapopere mankhwala ophera tizilombo. Njuchi zomwezo ndi zomwe zimatipatsa mtedza. Zitsime muvindikire, mbuzi mumangirire kutali, zovala ndi ufa zisakhale padzuwa. Muyende naye woulutsayo m'malire onse, mumusonyeze mawaya a ESCOM, mtsinje, nyumba, ndi dimba la masamba ngati lilipo.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena chakumadzulo, mphepo itadekha. Mwera ukamawomba, kapena chiperoni chikatsika, muimitseni, ngakhale anene kuti ali ndi minda ina yomudikira. Munda ndi wanu, mawu omaliza ndi anu.

Tsopano imvani ichi, ndi chomwe chingakutetezereni ndalama. Pali timapepala tachikasu tomwe timasanduka tabuluu dontho likagwerapo. Woulutsa wodziwa ntchito amakhala nato. Muuzeni atipachike pa mitengo itatu kapena inayi: kena kunsonga, kena pakati, kena m'kati pafupi ndi thunthu. Auluke mzere umodzi ndi madzi okha, kenako mutsitse timapepalato muone. Ngati kakunsonga kadzaza timadontho koma kam'kati kadakali kachikasu, ndiye kuti akuthamanga kwambiri kapena wakwera kwambiri. Asinthe, ayeserenso, kenako athire mankhwala. Makamaka inu amene mitengo yanu simunaidulire, nthambi zinapiringizana, apa ndi pomwe mudzaone kuti droni payokha siingathe zonse.

Za malipiro, mugwirizane mtengo wa pa hekitala, mulemberane, mboni ikhalepo. Amene minda yanu ndi yaing'ono, phatikizanani anthu angapo oyandikana kuti abwere ulendo umodzi. Musapereke ndalama zonse ntchito isanathe. Akamaliza, akuonetseni pa rimoti yake mapu a momwe wadutsa ndi kukula kwa malo omwe wapopera, mujambule ndi foni. Mulembe m'kope tsiku, dzina la mankhwala ndi muyezo wake. Mabotolo atsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe mu thanki ya droni, botolo liboledwe kuti wina asakatungire madzi. Pakapita masiku angapo, yalaninso nsalu ija, muwerenge, mudzatiuze pagulu pano zomwe mwapeza. Zikomo kwambiri.