Chikande chikutha m'madambo mwathu

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo nonse. Ndabwera ndi kanthu m'thumbamu. Mwakaona? Eee, amayi kumbuyoko ayamba kale kuseka, akadziwa. N'chikande, chimene kumpoto amati chinaka, ku Zambia chikanda. Kusinja, kuthira nsinjiro, chidulo ndi tsabola, kuphika mpaka chilimbe n'kumacheka ngati nyama. Nanenso ndimadya, musandiyese mdani.

Chomera chake ndi cha mtundu wa maluwa otchedwa orchid, amene azungu anapenga nawo kalekale. Ku England anazula mtundu wina mpaka anthu n'kumati watheratu. Mu 1930 anapeza tsinde limodzi lokha ku Yorkshire, n'kuyamba kulilondera ngati ng'ombe. Iwo ankafuna duwa, ife tikufuna zapansi.

Tayang'anani kunsiku. Pali timbatata tiwiri. Aka kofota n'ka chaka chatha. Aka konona ndiye nkhokwe ya chomera cha chaka chamawa, ndipo n'komwe timatenga. Mwina wina ati njere zimera. Njere zake zili ngati fumbi, mulibe chakudya m'kati mwake. Zimamera pokhapokha zikakumana ndi kabowa kena kosaoneka ka m'nthaka, ndipo pamapita zaka chomera chisanakhwime. Ndani pano anaonapo munda wa chikande?

Agogo athu ankakumba chongokwanira ndiwo za tsikulo. Lero tikukumbira matumba. Kafukufuku wa bungwe loteteza zachilengedwe la Wildlife Conservation Society yemwe anatuluka mu 2003 anapeza kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinkachoka ku Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse, ndipo dziko la Tanzania linachita kukhazikitsa paki ya Kitulo makamaka poteteza maluwa. Kwathu kuno, ku Nyika kuli mitundu pafupifupi 200 ya maluwawa, ndipo okumba afikako kale. Kukumba m'paki ndi mlandu, amayi. Wogula uja amakhala phee pamsika. Amene amagwidwa ndi khasu m'manja ndi mwana wanu.

Ndiye a Gulupu, pempho langa lili pa dambo lathu lomweli. Tisakumbe maluwa asanaume ndi kumwaza njere. Tating'ono tibwezere m'dzenje, tikwirire. Ndipo tigwirizane lero lomwe mbali ya dambo imene ipume chaka chino. Amayi okumba, inu ndi amene mumadziwa komwe chayamba kusowa, tiuzeni tiyambire kuti.