Gulu la The Chords: nyimbo imodzi, mayina atatu

Zikomo a wapampando. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata a makwaya mwakhala kumbuyoko, sunthirani kutsogolo kuno, chifukwa nkhaniyi ikukukhudzani kuposa ena onse. Lero tikamba za anyamata asanu akuda a ku America amene ankatchedwa The Chords. Anayamba kuimba limodzi mu 1951 m'dera la Bronx, mumzinda wa New York. Nyimbo imene inawatchukitsa anaijambula mu 1954, koma chaka chomwecho chisanathe, ngakhale dzina lawo linali litawapulumuka m'manja. Mawu sanawathere ayi. Zimene zinawagwetsa zinkachitikira kunja kwa kuimba, ndipo tiziona chimodzichimodzi.

Tiyambe ndi mmene ankagawanirana mawu. Wotsogolera anali Carl Feaster. M'bale wake Claude Feaster ankaimba baritoni, amene ndi mawu apakati pa tenala ndi besi. Jimmy Keyes anali tenala woyamba, Floyd McRae, amene anzake ankamuitana Buddy, anali tenala wachiwiri, ndipo pansi penipeni panali William Edwards pa besi. Mukuona kuti mulibe soprano, mulibe alto. Onse ndi amuna, ndiye mawu awo amakhala moyandikana, ngati zala za dzanja limodzi. Atatu apakatiwo ntchito yawo ndi kugwira manoti atatu a kodi (chord, manoti omvekera pamodzi), wotsogolera n'kumayenda momasuka pamwamba pawo. Wa besi ndiye amalowa m'malo mwa chida choimbira. Anyamata a m'madera osauka a New York analibe ndalama zogulira zida, choncho ankayeserera m'makona a misewu, m'makonde a nyumba zosanja ndi m'masiteshoni a sitima zapansi panthaka, kumene makoma amabweza mawu bwino.

Inu ophunzitsa kwaya, gwirani ichi. Nyimbo yawo yotchuka, "Sh-Boom", imazungulira pa makodi anayi okha. Besi imaponda doh, lah, reh, soh, kodi iliyonse kugunda kuwiri, n'kubwereranso poyambira. Zikuoneka zophweka, koma pali malo atatu pamene magulu amagwerapo. Poyamba, wa baritoni amakopeka ndi noti ya wotsogolera n'kuyamba kumutsatira, ndiye kodi imatsala ndi manoti awiri, imamveka yagweregwere. Kachiwiri, wa besi akathamanga pang'ono chabe, gulu lonse limathamanga naye, popeza palibe ng'oma yowabweza. Kachitatu, popanda chida, mawu amatsika pang'onopang'ono osazindikira, makamaka oimba akamapuma mochedwa. Mankhwala ake ndi kuimba noti yoyamba pa piyano kapena gitala, kuimba nyimbo yonse popanda chida, kenako kuigundanso noti ija pomaliza kuti mumve mwatsika motani.

Tsopano msika umene anyamatawa analowamo. Mpaka cha m'ma 1940, nyimbo za anthu akuda ku America zinkagulitsidwa pansi pa dzina losonyeza mtundu wa oimbawo. Mu 1949 magazini ya Billboard inasintha n'kuyamba kuzitchula rhythm and blues, dzina limene analimbikitsa ndi mtolankhani wake Jerry Wexler. Dzina linasintha, koma mpanda unatsala. Pa nyimbo zogulidwa kwambiri, panali mndandanda wa nyimbo za akuda ndi mndandanda wa nyimbo za pop, zimene makamaka zinkagulidwa ndi azungu, ndipo mawailesi ambiri akuluakulu sankaika nyimbo za akuda. Musaiwale kuti ndi mu May 1954 momwemo pamene khoti lalikulu la America linagamula kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo.

Wexler uja anadzalowa kampani yojambula nyimbo ya Atlantic mu 1953, imene Ahmet Ertegun ndi Herb Abramson anaiyambitsa mu 1947. Mu March 1954 The Chords analowa mu situdiyo kukajambula pansi pa Cat, kakampani kamene Atlantic inali itangotsegula. Kajambulidwe ka nthawi imeneyo kanali kothina. Nthawi ya situdiyo inali maola atatu, ndipo m'maola amenewo munkayenera kutuluka nyimbo zinayi. Oimba ndi oimba zida ankajambulidwa nthawi imodzi. Wina akaphonya, nonse mumayambiranso. Kukweza kapena kutsitsa mawu a munthu kunali kumusuntha, uyu ayandikire maikolofoni, uyo abwerere m'mbuyo phazi limodzi. Chimbale chinali ndi mbali ziwiri, nyimbo imodzi mbali iliyonse, yosapitirira kwenikweni mphindi zitatu, kaya ndi chimbale chachikulu chosweka msanga cha 78 kapena chaching'ono cha 45 chimene RCA Victor inabweretsa mu 1949.

Apa ndiye pali phunziro loyamba. Akuluakulu a kampani sankaikhulupirira "Sh-Boom". Iwo ankafuna kuti anyamatawa aimbenso "Cross Over the Bridge", nyimbo imene Patti Page anali akugulitsa nayo kwambiri nthawi imeneyo. Imeneyo ndiyo inaikidwa kumaso kwa chimbale, nyimbo yopeka okha anyamatawo n'kuponyedwa kumbuyo. Koma oulutsa nyimbo pa wailesi anatembenuza chimbalecho, ndipo omvera anayamba kufunsa ya kumbuyoyo. Mukaimvera mudzamva chifukwa chake. Imayamba ndi mawu okhaokha popanda chida, pakati wa besi amatenga ndime yake yekha, kenako Sam Taylor amalowa ndi sakisofoni yolira mokalipa. Atlantic itaona mmene zinthu zikuyendera inasindikizanso chimbalecho, n'kuchotsa nyimbo ya Patti Page ija, m'malo mwake n'kuikamo ina ya gululi yotchedwa "Little Maiden". Nyimboyo inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa rhythm and blues, ndipo inalowa m'gulu la 10 zoyambirira pa mndandanda wa pop, chinthu chimene chinali chosowa kwambiri kwa gulu la akuda la kampani yaing'ono.

Mpanda unali utabooka, koma odutsa pabowopo anali ena. Kampani yaikulu ya Mercury, ya ku Chicago, inali ndi anyamata anayi achizungu ochokera ku Toronto, m'dziko la Canada, otchedwa The Crew-Cuts. Anaijambulanso nyimbo yomweyo ndi gulu lalikulu la zida, mawu osalala, sakisofoni yaukali ija palibe. Yawoyo inakhala pa nambala 1 kwa masabata angapo mu August ndi September 1954.

Ndikuona bambo apo mukupukusa mutu, mukuti kumeneko ndi kuba. Mwa lamulo la nthawiyo sikunali kuba. Lamulo la umwini la mu 1909 linkati nyimbo ikangotuluka pa chimbale kamodzi, wina aliyense akhoza kuijambulanso popanda kupempha, bola alipire masenti 2 pa chimbale chilichonse. Masenti awiriwo ankapita kwa kampani yosunga umwini wa nyimboyo, iyo n'kugawana ndi opeka. Popeza mayina a anyamata asanu onsewo analembedwa ngati opeka, chimbale cha The Crew-Cuts chinkawabweretserako kanthu, kogawana anthu asanu. Koma kakonzedwe ka mawu, kaimbidwe, zonse zimene anazisula m'makonde muja, lamulo silinkaziteteza. LaVern Baker, woimba wina wa Atlantic, anachita kudandaula kwa phungu wa nyumba ya malamulo mu 1955 chifukwa cha mchitidwe womwewu, koma sizinaphule kanthu. Mawu ojambulidwa anadzayamba kutetezedwa ndi lamulo la dziko lonse la America mu 1972.

Nanga n'chifukwa chiyani chotengera chinagonjetsa chenicheni? Tsankho lilipo, koma palinso nkhani ya magalimoto ndi ngongole. Kampani yaikulu inkatha kusindikiza zimbale zambiri n'kuzifikitsa m'masitolo a dziko lonse m'masiku ochepa. Kampani yaing'ono inkadalira amalonda oima paokha a mzinda uliwonse, amene ankatenga zimbale pangongole, kulipira mochedwa, ndi kubweza zosagulidwa. Fakitale yosindikiza ikufuna ndalama zake lero, wogulitsa akuti mawa. Ndipo wogulitsayo ankafulumira kulipira pokhapokha ngati muli ndi nyimbo ina yotentha imene akuifuna. Kwa oimba, gawo lawo pa chimbale linali laling'ono, ndipo kawirikawiri kampani inkayamba yachotsapo ndalama za situdiyo. Ndalama zooneka zinali m'zoimbaimba, ndipo zoimbaimba zimatsata dzina.

Dzinalo ndi limene linawathera. Kunapezeka kuti gulu lina linali litayamba kale kugwiritsa ntchito dzina lakuti The Chords. Nyimbo yawo ili m'kamwa mwa aliyense, anyamata a ku Bronx anakakamizika kusintha n'kukhala The Chordcats. Mu 1955 anasinthanso n'kudzitcha The Sh-Booms, kuyesa kukumbutsa anthu kuti eni nyimbo ija ndi iwo. Taganizani munthu wolowa m'sitolo kukafuna chimbale chatsopano cha The Chords, wogulitsa n'kumuuza kuti kulibe, pamene chili pashelefu pomwepo ndi dzina lina. Woulutsa nyimbo amene amalandira mulu wa zimbale sabata iliyonse sangataye nthawi kufufuza kuti achilendowa ndi ndani. Inu amene mukupanga magulu, musanasindikize chikwangwani kapena kutsegula tsamba pa Facebook, fufuzani ngati dzinalo lilibe mwini, ndipo mulembe papepala kuti wina akachoka m'gulu dzina litsala ndi yani. Nyimbo zanu mukalembetse ku COSOMA, ndi mayina a opeka onse, zisanatuluke.

Tisawakometsere kwambiri, vuto lina linali m'nyimbo zotsatira. "Zippity Zum", imene inabwera pambuyo pa "Sh-Boom", inkayenda m'mapazi a inzake ija, mawu oseweretsa lilime ndi liwiro lofanana, ndipo sinagulidwe. Pa nthawiyi n'kuti magulu a mawu ngati amenewa atabuka paliponse ku New York, aliyense ndi besi wake, ndiye womvera analibe chifukwa chodikirira. Wanthabwala Stan Freberg anali atatulutsanso chimbale chonyoza "Sh-Boom", akuti oimba rhythm and blues mawu awo samveka. Zimbale zikapanda kuyenda, oitana kukaimba amachepa, ndipo malipiro ochepawo akagawidwa pasanu sakwana lendi. Anthu anayamba kutuluka, ena kulowa, ndipo mawu amene anazolowerana kwa zaka zitatu sabwezeretsedwa ndi munthu wobwera dzulo.

Anayeserabe. Mu 1957 anajambula ku Vik, kampani ya pansi pa RCA, ndipo mu 1960 anabwereranso ku Atlantic kukajambula chimbale chimodzi. Palibe chimene chinalowa pa mndandanda. Carl Feaster anamwalira mu 1981, Jimmy Keyes mu 1995, ndipo Buddy McRae, womaliza mwa asanuwo, anamwalira mu 2013.

A wapampando, ndisanalandire mafunso, ndipemphe amuna asanu a kwaya abwere kutsogolo. Wa besi aime kumanzere kwanga, atipatse doh, lah, reh, soh, osathamanga. Wa baritoni aime kutali ndi wotsogolera.