Ip Man weniweni uja, osati wa mufilimu

Takulandirani abale anga. Ambirife Ip Man tinamudziwira mufilimu ya 2008 ya Donnie Yen, koma munthu weniweniyo nkhani yake imandikhudza kuposa ndewu zonse zija, ndiye khalani pompo mumve.

Anabadwa mu 1893 ku Foshan, kumwera kwa China, kubanja lopata bwino. Wing Chun, mtundu wa kung fu womwe anadzatchuka nawo, anayamba ali kamnyamata kwa a Chan Wah-shun omwe anali atakalamba kale, kenako anapitiriza ndi Ng Chung-sok. Atakula anagwirako ntchito yaupolisi. Nkhondo ya Japan inawasiya manja lende, kenako mu 1949 achikomyunizimu atatenga boma bamboyu anathawira ku Hong Kong ali ndi zaka 56. Tangoganizani kuyambiranso moyo pa msinkhu umenewo, opanda kalikonse. Malire a China ndi Hong Kong atatsekedwa mu 1951 mkazi wake ali ku Foshan sanaonanenso mpaka mayiyo anamwalira mu 1960.

Ndiye adya chani? Mu 1950 anayamba kuphunzitsa anthu ogwira ntchito m'malesitilanti, woyambirira anali Leung Sheung. Luso lomwe kwawo linkaphunzitsidwa kwa anthu owerengeka linafika kwa ophika ndi operekera zakudya.

Wing Chun si yodumphadumpha ayi, mumamenyana pafupi, zibakera zimayenda chindunji pakati pa thupi. Pali chi sao, anthu awiri amagunditsa mikono nkumaizunguza osalekana, mnzako akangofuna kukankha iwe wamva kale pakhungu maso asanaone, ndiye mphamvu zake zomwezo ndi zimene zimamugwetsa. Nchifukwa chake mdala wochepa thupi ngati Ip Man ankatha kuwasowetsa pogwira anyamata amadzitho.

Bruce Lee anadutsa pasukulu imeneyi ali wachinyamata, ngakhale zambiri ankamuphunzitsa ndi Wong Shun-leung, wophunzira wamkulu wa Ip Man. Izi anthu amaziiwala.

Koma pomwe pamandigwira mtima ndi apa. Mu 1972 khansa yapakhosi itamufoola, analola kuti amujambule kunyumba akuonetsa Siu Nim Tau ndi Chum Kiu, ndondomeko za kayendetsedwe ka thupi mu Wing Chun, komanso kumenya chidole chamtengo chophunzirira, kuti obwera mmbuyo asadzasokoneze. Anamwalira pa 2 December chaka chomwecho, Bruce Lee nkutsatira patangotha miyezi 7. Kanemayo alipo pa YouTube, kamufufuzeni. Muona nkhalamba yowonda, thupi latheratu, koma manja akagunda mtengo uja sakuphonya olo kamodzi.