Galimoto yamagetsi ikamalephera kudzuka m'mawa, yambani ndi mita

Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndiyankhe funso limene linafunsidwa pano la galimoto yamagetsi yatsopano imene ikumagona bwinobwino koma m'mawa zii, ngakhale zitseko osatseguka, chonsecho dzulo lake imaonetsa 80 peresenti.

80 peresentiyo ndi ya batire lalikulu, la mavoti pafupifupi 400, loyendetsa matayala. Palinso lina laling'ono la mavoti 12. Limeneli ndi limene limadzutsa makompyuta, kutsegula zitseko ndi kulumikiza batire lalikulu lija. Laling'onoli likatha, galimoto yonse yaima. Alternator, yotchaja batire m'galimoto za mafuta ija, mulibemo, ntchito yake imagwiridwa ndi kabokosi kotchedwa DC-DC converter, kamene kamatapa moto ku batire lalikulu n'kumathira mu laling'ono. Ndinenerenu tisanapite patali: mawaya a olenji musawakhudze, amenewo amapha.

Musathamangire kukagula batire lina. Tengani multimeter (mita yoyezera magetsi), galimoto itakhala chizimire usiku wonse, muyeze mavoti pamitu ya batire laling'onolo. 12.6 ndiye lodzaza, 12.2 lili pakati, pansi pa 12.0 latha. Kenako yatsani mpaka ilembe READY, kusonyeza kuti yakonzeka kuyenda, muyezenso. Pazibwera 13.5 mpaka 14.7. Ikangokhala pa 12 pomwepo, converter sikuthira, mwina fyuzi yake yapsa kapena waya wa earth wakhwefuka. Manambala amenewa ndi a batire la asidi. Galimoto zina zatsopano zili ndi kabatire ka lithium, ndiye werengani kaye chimene chalembedwa pabatirepo.

Mawu oti yatsopano asakupusitseni. Galimoto imatha masabata m'sitima, kenako kudikira padoko ku Dar es Salaam, batire likungotha osatchajidwa. La asidi likagona nthawi yaitali lili lakutha silibwereranso mwakale, ndiye muwonjezepo kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala. Litchajeni lidzaze, mulichotse, ligone palokha. M'mawa likatsika lokha, vuto ndi batirelo.

Likapezeka labwino, ndiye kuti galimotoyo sikugona tulo, ndipo apa m'pamene pamafunika kudekha. Chotsani chingwe chotchajira. Tsegulani boneti ndi chitseko chimene mugwirirepo ntchito, mukankhe kaloko kake ndi sikuludiraiva kuti galimoto iziyesa kuti mwatseka. Ikhomeni, kiyi mukamusiye kutali, kuseri kwa nyumba, ndipo mwini galimoto asatsegule app pafoni. Ikani clamp meter (mita yopanira pawaya) yoyeza DC pa waya wa negative wa batire laling'onolo. Ngati muli ndi multimeter yokha, iikeni pa 10A pakati pa mutu wa negative ndi waya wake, koma osayerekeza kuyatsa galimoto ili choncho, fyuzi ya mita ipsa. Dikirani mphindi 30 mpaka ola. Poyamba muona ma amp angapo, zimenezo n'zabwinobwino. Ikagona pazitsala pansi pa 0.05. Mukaona 0.5 osatsika, werengani nokha: 0.5 kuchulukitsa ndi maola 24, pa tsiku ndi 12Ah, batire la 45Ah silifika masiku 4. Yang'aninso ngati nambala ikutsika kenako n'kulumphanso pakapita kanthawi, chifukwa kumeneko ndiye kudzutsidwa.

Kuzula mafyuzi imodziimodzi kuja tinazolowera pa minibasi, apa sikuthandiza. Mukabwezera fyuzi makompyuta amadzuka, mwayambiranso kudikira. Ikani mita pa mV, poyezera timavoti tochepa kwambiri, mugunditse nsonga zake pa tizitsulo tiwiri toonekera pamsana pa fyuzi iliyonse. Yoonetsa 0.0 mulibe kanthu. Yoonetsa kanambala, m'menemo mukudutsa moto, ndiye muone pachivindikiro kuti fyuziyo ndi ya chiyani.

Kawirikawiri wakuba amakhala chinthu chimene tawonjezera tokha: tracker yolumikizidwa molunjika ku batire, kamera ya pagalasi yojambula usiku wonse, kapena kachipangizo kosiyidwa pa OBD, soketi yoyezerapo galimoto pansi pa chiwongolero. Zimenezi chotsani kaye muyezenso. China ndi kabokosi ka SIM kamene kamalumikiza galimoto ndi foni. Galimoto yobwera ndi SIM yakunja, kapena yoimikidwa kumalo kovuta netiweki, kabokosiko kamatha kuchezera kufunafuna. Kiyi wopachikidwa pamsomali pafupi ndi windo, galimoto ili pakhonde, nayenso amaidzutsa. Chimodzimodzi kuisiya pa chaja magetsi akuzimazima: akabwera imadzuka, akapita imatenga nthawi kuti igonenso.

Galimoto zambiri zimadzithirira zokha batire laling'ono zili chiimire, koma zina zimasiya kutero batire lalikulu likatsika kwambiri. Wochokera ku Monkey Bay n'kufika pa Boma ku Mangochi batire lalikulu litatsala pang'ono kutha, asaiimike masiku ili choncho.

Ikafa, mutha kuidzutsa ndi batire lina la mavoti 12 pamalo amene buku lake lasonyeza, n'kuisiya pa READY mphindi zosachepera 30. Koma yamagetsiyo musadzutsire nayo lole kapena pikapu ya dizilo, mungaotche converter. Mukapeza kuti wakudya moto ndi kompyuta ya galimoto yeniyeniyo, musadule waya ngati ili pa warranty. Jambulani mita pamodzi ndi nthawi, mulembe fyuzi imene mwaipeza, mupite nazo kumene munagula, chifukwa nthawi zambiri mankhwala ake amakhala update ya software.