Alamu, La Traviata muionere chonchi

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva kuti diski ija yafika. Musaiike kaye m'makina, yambani mwamvera uthengawu mpaka kumapeto, chifukwa opera, sewero limene mawu ake amachita kuimba, si chinthu choonera uku mukusenda mbatata. Imafuna munthu atakhala pansi.

Poyamba penipeni muidziwe nkhani yake. Ndikudziwa kuti inu filimu mukauzidwa mathero mumati yasukuluka, koma opera ndi ina. Okonda opera amabwerera sewero lomwelo kambirimbiri, akudziwa kale amene afe. Chimene amatsata ndi mmene woimba wa tsikulo ayimbire. Ndiye ndikuuzani zonse.

La Traviata anaipeka Giuseppe Verdi, ndipo inaonetsedwa koyamba pa 6 Malichi 1853 mumzinda wa Venice ku Italy, m'nyumba ya zisudzo yotchedwa La Fenice. Dzina loti La Traviata likutanthauza mkazi wosochera. Mkaziyo ndi Violetta wa ku Paris, chiphadzuwa chosungidwa ndi amuna achuma, moyo wake ndi wa maphwando okhaokha. Koma akudwala chifuwa chachikulu, ndipo iye mwini akudziwa kuti masiku ake ndi owerengeka. Kenako pakubwera mnyamata, Alfredo, amene akumukonda ndi mtima wonse. Violetta akusiya zonse n'kukakhala naye kumudzi. Bambo ake a mnyamatayo, a Germont, akubwera kudzathetsa chikondicho. Mapeto ake Violetta akufa. Nkhani ndi imeneyo basi.

Imene ndakutumiziraniyo inajambulidwa ku London mu 1994, ku Royal Opera House. Violetta ndi Angela Gheorghiu wa ku Romania, nthawi imeneyo asanakwane zaka 30, ndipo wotsogolera oimba zida ndi Georg Solti, gogo wa zaka 82. Ndasankha imeneyi dala chifukwa zovala ndi zipinda zake ndi zachikale, munthu woyamba kumene sasokonezeka.

Tsopano za makina. Timasipika ta mu TV musatidalire, timameza mawu. Lumikizani ku masipika aakulu a wailesi yanu ija, kapena ngati muli nokha valani mahedifoni. Pa menyu sankhani kuti mawu omasulira azilembedwa m'munsimu, chifukwa zonse akuimba m'Chitaliyana. Musankhe madzulo oti magetsi alipo, ana agona, foni ili kuchipinda. Sewero lonse limapitirira pang'ono maola awiri, lili m'magawo atatu, ndiye gawo likatha imitsani, mwani tiyi, muwongole miyendo. Nawonso oonera m'holo amapuma choncho.

Ikangoyamba mudzaona ngati diski yawonongeka, chifukwa mavayolini amayamba motsitsa kwambiri, kamawu kowonda ngati ulusi. Musakweze voliyumu mpaka kumapeto ayi, phwando likayamba mudzadzidzimutsa oyandikana nawo. Ikani poti kamawuko muzingokamva bwino. Ndipo mukasunge m'mutu, chifukwa kadzabweranso poyamba gawo lachitatu, Violetta ali gone pabedi. Verdi akutiuza za imfayo tisanamuone n'komwe mwini wake.

Gawo loyamba ndi lopepuka. Muli nyimbo ya pomwa vinyo imene ndikukhulupirira kuti mudzaizindikira, imamveka m'malo ambiri. Alendo akabalalika, Violetta amatsala yekha akulimbana ndi mtima wake, kuti kodi alole kukonda kapena apitirize moyo wa zisangalalo. Pamenepo tcherani khutu, mudzamva mawu a Alfredo akuchokera panja, iye osaoneka. Ndipo kumbukirani kuti oimba a opera amaphunzira kudzaza holo yonse ndi mawu awo okha, popanda chokuzira mawu, zida makumi angapo zikulira patsogolo pawo. Mukamamuona mayiyo akukoka mpweya, mapewa ali zii, nthiti zokha zikutambasuka, ndiye ntchito yakeyo.

Koma chimene ndakutumizirani diskiyi, alamu, chili m'gawo lachiwiri. Apa ndiye musadzuke ngakhale wina agogode.

A Germont akulowa m'nyumba akuganiza kuti apeza mkazi wodyera mwana wawo chuma. Violetta akuwaonetsa mapepala, kuti ndi iye amene akugulitsa katundu wake kuti awiriwo azidya. Bambo aja akufewa, koma chimene abwerera sakuchisiya. Ali ndi mwana wamkazi, mlongo wake wa Alfredo, amene ukwati wake ukhoza kulephereka chifukwa cha mbiri ya Violetta. Akumupempha kuti amusiye Alfredo, osati kwa kanthawi, koma mpaka kalekale. Awiriwa amaimbizana mphindi pafupifupi 20. Ine ndimakonda kuti Verdi sanawapange a Germont kukhala munthu woipa. Ndi kholo loopa manyazi a pabanja, ndipo nkhanza zake zimabwera ndi mawu aulemu. Mawu awo ndi baritone, apakati, si otsika ngati besi, si okwera ngati tenor, ofunda ngati a bambo amene ungawakhulupirire. N'chifukwa chake zimapweteka.

Pamenepa mawu olembedwa m'munsi aja musawathamangire. Werengani mzere kamodzi, kenako maso abwerere pankhope. Oimba amabwereza mawu amodzimodzi kangapo, simutsalira. Pali malo amene Violetta amagonja, n'kuvomera. Sakuwa ayi. Mawu amatsika mpaka kunong'ona, akuwauza bambowo kuti akamuuze mtsikanayo kuti pali wina wadzipereka chifukwa cha iye. Kamera imakufikitsani pafupi moti mumaona milomo ikunjenjemera, chinthu chimene wokhala mpando wakumbuyo m'holo sangachione. Kenako amawapempha kuti amukumbatire ngati mwana wawo. Ine ndikafika pamenepo ndimaika rimoti pansi.

Patangopita kanthawi Alfredo akubwera, sakudziwa kanthu. Violetta akutsanzika osanena kuti akutsanzika, ndipo akuphulika ndi kulira kwa "Amami, Alfredo", kutanthauza kuti undikonde, Alfredo. Nyimbo yake ya pamenepo munaimva kale koyambirira kuja, mavayolini atangomaliza kamawu kowonda kaja. Mukaizindikira nokha mudzamva tsemwe.

Zotsatira zimathamanga. Paphwando lina Alfredo, ali ndi ukali wa munthu wosiyidwa, akumuponyera Violetta ndalama pamaso pa anthu, akuti wamulipira. Bambo ake omwe akumudzudzula pomwepo.

Gawo lachitatu zimitsani nyali zonse. Violetta ali m'chipinda chopanda kanthu, akuwerenga kalata ya a Germont. Mudzaona kuti apa sakuimba, akulankhula, vayolini ikulira pansipansi. Panja anthu akusangalala ndi chikondwerero cha mumzinda, iye akutsokomola. Alfredo akufika atadziwa zoona, koma mochedwa. Kumapeto kwenikweni Violetta amadzuka, amati ululu watha, mphamvu zabwerera, kenako n'kugwa. Muyang'anitsitse nkhope yake pamasekondi amenewo.

Nsalu ikatsekedwa musazimitse. Dikirani oimba atuluke mmodzimmodzi kudzawerama. Ku opera mwamuna amamukuwira kuti bravo, mkazi brava, akakhala onse bravi. Ngati manja akukuyabwani, ombani pabalaza pomwepo.

China, ndisanaiwale. Verdi ankafuna kuti oimba avale zovala za masiku ake, anthu adzione okha pabwalo, koma akuluakulu a ku Venice anakana n'kuibwezera nkhaniyo kumbuyo, cha m'ma 1700. Ndiye mukadzaikonda iyi, ndidzakubwerekani ina ya ku Salzburg ya mu 2005, ya Anna Netrebko ndi Rolando Villazón. Mmenemo mulibe makatani amtengo wapatali, muli khoma loyera, chiwotchi chachikulu chowerenga nthawi imene yatsala, ndi Violetta atavala diresi yofiira. Koma imeneyo ikhale yachiwiri.

Kabuku kali m'kati mwa chikutiro musakataye, kali ndi manambala a zigawo. Mawa lake mubwereze gawo lachiwiri lokha, mawu a m'munsi mutawachotsa, kenako mundiimbire foni mundiuze ngati a Germont aja mwawakhululukira. Moni kwa achimwene ndi ana.