Ziwerengero za Match ku America: Zikuthandizani Pati, Zikusocheretsani Pati?

Moni madokotala, moni ophunzira nonse, takulandiraninso. Khalani nane mpaka mfundo yachitatu, chifukwa imeneyo imapweteka anthu chaka ndi chaka, anzeru amene.

Kwa amene mwangotipeza lero, mwachangu: ku America dokotala akamaliza sukulu amalowa residency, maphunziro a ukatswiri a m'chipatala. Malo ake amagawa ndi kompyuta ya bungwe la NRMP, lomwe linayamba mu 1952, ndipo dongosolo limeneli ndi lomwe amalitcha Match. Mumatumiza mapepala kudzera ku ERAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo, mu Seputembala, zipatala zimakuitanani ku intavyu, inu mumalemba mndandanda wa zipatala, izonso zimalemba wa anthu, ndipo Lachisanu lachitatu la Marichi aliyense amadziwa komwe wagwera. Ngati munaphunzira kunja, kaya ku KUHeS ku Blantyre kaya ku UNZA ku Lusaka, mufunikanso satifiketi ya ECFMG, bungwe lotsimikizira madokotala ophunzira kunja kwa America. Basi, tiyeni.

Choyamba, werengani lipoti lanu, osati la eni ake. NRMP imatulutsa lipoti lotchedwa Charting Outcomes in the Match, ndipo la IMG, ndiye kuti ophunzira kunja, lili palokha. Omaliza sukulu za MD, digiri ya udokotala, ku America komweko, opitirira 9 mwa 10 amapeza malo. IMG amene si nzika ya America, ndi pafupifupi 6 mwa 10. Mukasokoneza malipoti awiriwa mwayamba kale kudzinamiza.

Chachiwiri, malikisi. Kuyambira Januwale 2022, Step 1, gawo loyamba la mayeso a chiphaso cha udokotala ku America, ndi kukhoza kapena kulephera basi, ndiye maso onse ali pa malikisi a gawo lachiwiri, Step 2 CK. Koma avareji ya amene anapeza malo si mzere wodulira. Kuti pakhale avareji, ndiye kuti ambiri analowa ali pansi pake. Chimodzimodzi nambala ya kafukufuku: amaphatikiza ma abstract (zidule za kafukufuku), zokamba pamisonkhano ndi mapepala osindikizidwa m'dengu limodzi, ndiye musaope.

Ngati zikukuthandizani, dinani like pompano, ndi mmene YouTube imafikitsira vidiyoyi kwa anzathu.

Tsopano chachitatu, chimene chimandiwawa. Munthu wapanga maintavyu asanu ndi atatu. Mtima wake uli pa chipatala china, tichitche A. Akuyang'ana ziwerengero, akuona kuti malikisi ake ndi otsikirapo, ndiye akuti, "Kumeneko sanganditenge, ndiike B pamwamba, ndingataye zonse." Abale anga, ayi! Ayi ndithu! Kompyutayi siigwira ntchito choncho.

Tamverani. Imayamba ndi mndandanda wanu, osati wa chipatala. Imakutengerani ku A. Ngati A inakulembani ndipo malo alipo, imakusungani kaye. Akabwera wina amene A ikumufuna kuposa inu ndipo malo adzaza, mumatuluka, kompyuta n'kukutengerani ku B. Apa ndiye pagona nkhani: ngati B inakuikani pamwamba pa munthu amene yamusunga, iyeyo ndi amene amatuluka, inu n'kulowa. Palibe zoti mwachedwa pamzere. Si chigayo ichi, choti wofika m'mawa ndiye agayitse. B siidziwa n'komwe kuti munaiika yachiwiri. Ndiye poyesa A mwataya chiyani? Palibe. Koma mukaika B pamwamba ndipo B yakutengani, nkhani yathera pomwepo, ku A simuyesedwanso, ngakhale dzina lanu linali pamwamba pa mndandanda wawo. Ndipo simudzadziwa.

Izi si maganizo anga. Masamu ake anawalemba David Gale ndi Lloyd Shapley mu 1962, Alvin Roth ndi Elliott Peranson n'kukonzanso kompyuta ya NRMP kuti iziyambira kwa wofunsira, ndipo mu 2012 Roth ndi Shapley analandira mphoto ya Nobel pa ntchito ya mtundu umenewu. Ndiye wina pa gulu la WhatsApp akakuuzani kuti "ikani komwe muli ndi mwayi", mutumizireni vidiyoyi. Lembani mmene mtima ukufunira. Chenjezo ndi limodzi: Match ndi pangano lomanga, choncho chipatala chimene simungapiteko musachilembe.

Wina anena kuti lipoti likuonetsa kuti olemba zipatala zambiri ndiwo amapeza malo. Zoona. Koma mndandanda umatalika chifukwa cha maintavyu. Kuwonjezera chipatala chimene sichinakuitaneni sikukupatsani kanthu.

Chachinayi, apa ndiye ziwerengero zimagwira ntchito: musanatumize mapepala. Chipatala chilichonse chimene mwafunsira ndi madola, ndiye fufuzani pa FREIDA kapena Residency Explorer, masamba a pa intaneti ofotokoza za zipatala za residency. Kodi amatenga ma IMG? Amathandiza viza ya J-1 kapena H-1B? Amavomera amene anamaliza sukulu zaka zingati zapitazo? Ma IMG ambiri amalowera ku internal medicine, family medicine ndi pediatrics, ndipo ma signal anu, zizindikiro zouza chipatala kuti mukuchifunitsitsa, poti ndi owerengeka, aponyeni komwe khomo ndi lotsegula.

Lembani m'munsimu gawo limene mukufuna kufunsira, ndimawerenga ndemanga zonse. Sabata yamawa tikamba za SOAP, njira ya amene Lolemba la sabata ya Match alandira uthenga woti sanapeze malo. Dinani subscribe ndi kabelu kaja kuti isakupiteni.